Anandipatsa nyenyezi zisanu, koma msika unandibisa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yomwe yatchuka masiku ano, ya achinyamata kupeza madola pogwira ganyu pa intaneti. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ali ndi laputopu akuuzidwa kuti atsegule akaunti pa Fiverr kapena pa Upwork, misika ya pa intaneti yopezerapo maganyu, ndipo ena ayamba kale kulipiritsa maphunziro a masiku awiri kapena atatu ophunzitsa zomwezi. Sindikutsutsa ayi. Inenso lendi ndimalipira ndi ndalama zochokera komweko, pomasulira zolemba ndi kulemba mawu ojambulidwa. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ophunzitsa ambiri amachilumpha, ndipo n'chomwe chinatsala pang'ono kundibweza kumudzi ku Dowa ndi katundu pamutu.

Amauza ana athu kuti gwirani ntchito, kasitomala akupatseni nyenyezi zisanu, basi mwakwera. Ine nyenyezi zisanuzo ndinapatsidwa, n'kumira nazo.

Amene sanaigwirepo ntchitoyi aganize za msika wa kaunjika. Wina benchi yake ili pachipata penipeni, pomwe aliyense wotsika minibasi amadutsa. Wina ali kumapeto, kuseri kwa ogulitsa makala, komwe amafikako ndi munthu wosochera yekha. Zovala zikhoza kukhala za m'belo imodzi, koma madzulo matumba awo safanana. Pa intaneti chipatacho ndi tsamba loyamba. Kasitomala akalemba kuti akufuna womasulira Chichewa, makina amamuyalira mayina, ndipo ndi ochepa amene amapirira mpaka tsamba lachitatu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumsika wa kuno malo ako umawadziwa, umadula tiketi m'mawa n'kuyala. Kumeneko benchi imasuntha usiku iwe uli m'tulo, ndipo palibe amene amagogoda kudzakuuza.

Zanga zinachitika mu 2022, cha mu Juni. Ndili ndi maakaunti pa misika ingapo, ndipo sinditchula pomwe zinachitikira, chifukwa wolakwa wamkulu ndinali ine mwini.

Mayi wina wochita kafukufuku pa yunivesite ina ku Britain ananditumizira uthenga. Anali ndi macheza 6 ojambulidwa pa foni, omwe anacheza ndi amayi a m'midzi ya kuchigwa cha Shire, okamba za chakudya pakhomo madzi osefukira atadutsa. Ankafuna ndilembe zonse monga zinayankhulidwira, kenako ndimasulire m'Chingerezi, zonsezi m'masiku 7. Mtengo unali wabwino, ndipo fizi ya mwana inali itandikhala pakhosi. Ndinayankha mphindi zisanu zisanathe, ndi mawu omwe ife Amalawi timabadwa nawo aja: palibe vuto. Fayilo ngakhale imodzi ndinali ndisanaimvetsere.

Nditavala mahedifoni ndinaona malodza. Mphepo ikuwomba pa foni, tambala akulira chapafupi, mwana akuvuta kumsana, chigayo chikugunda chapatali. Zimenezo ndinazizolowera, macheza a kumudzi amakhala otero. Chomwe chinandithyola m'nkhongono n'chakuti amayiwo ankasakaniza Chimang'anja ndi Chisena, ndipo ena ankangoyankhula Chisena chokhachokha. Ine ndine Mchewa wa ku Dowa. Chisena ndimachimva mmene munthu amamvera wailesi ya mnansi kudzera pakhoma.

Apo ndiye pomwe ndinayenera kulembera mayi uja kuti pepani, theka la ntchitoyi si langa, pezani Msena. Sindinatero. Manyazi anandigwira, komanso ndinkadziwa kuti oda ikathetsedwa panjira imakudetsera mbiri. Ndiye ndinalimba mutu. Kumbukirani kuti ndi chaka chomwe namondwe Ana anali ataononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, moti magetsi kwathu ankabwera anthu atagona. Ndinkadzuka 11 koloko usiku, n'kukhala pampando mpaka kum'mawa kutayera, chitenje cha mkazi wanga ndili nacho m'mapewa. Pomwe ndamva ndinkalemba. Pomwe sindinamve ndinkabwereza katatu, kenako n'kupeka zomwe zikuoneka kuti zikugwirizana ndi nkhaniyo. Ndinatumiza ntchito kutatsala ola limodzi. Patatha masiku awiri mayi uja anandipatsa nyenyezi zisanu ndi mawu ochepa othokoza. Ndinagula nkhuku.

Kenako kunangoti zii. Kale pa sabata ndinkalandira mauthenga atatu kapena anayi a anthu ofunsa mitengo. Sabata inatha popanda ndi mmodzi yemwe, yachiwiri chimodzimodzi. Ndinatenga foni ya mkazi wanga n'kudzifufuza ngati kasitomala, ndipo dzina langa ndinakalipeza kutali, pansi pa anthu omwe analibe ndemanga ngakhale imodzi. Ndinasintha chithunzi, ndinatsitsa mtengo, ndinalembanso mawu ofotokoza ntchito yanga kawiri konse. Mlamu wanga, amene amakonda nkhani zoterezi, anati mwina pali wina wandipondera. Nyenyezi zanga zinali zili mbuu pamalo pake, 5.0, ngati satifiketi yopachika m'sitolo yomwe inatsekedwa kalekale.

Yankho linandipeza pakhonde. Anansi athu ndi a ku Nsanje, ndipo apongozi awo anabwera kudzaona mwana wakhanda. Mkazi wanga anawapititsira paketi ya shuga monga mwa mwambo, ine ndili pambuyo. Agogo aja analandira ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja amvekere, "Takhuta, takhuta." Ine n'kuseka, ndati agogo, mwakhuta bwanji paketi musanaitsekule n'komwe? Pakhonde ponse panagwa phwete. Mpongozi wawo ndiye anandiuza kuti m'Chisena takhuta ndiye zikomo.

Kuseka kunandithera pomwepo. M'macheza onse 6 aja, kumapeto kwake amayiwo ankati takhuta. Ine ndinalemba kuti akunena kuti adya mokwanira. M'kafukufuku wa njala, A Mkonzi. Kasanu n'kamodzi.

Usiku womwewo ndinalembera mayi uja kuulula ndi kupempha kuti ndikonze ulere. Anandiyankha mwaulemu kwambiri. Anati womuthandiza wake wa kuno anali ataziona kale, pamodzi ndi zolakwika zina zambiri, ndipo anachita kulipira munthu wina kuti abwereze theka la ntchitoyo. Nyenyezi zisanu anandipatsa chifukwa ankaona kuti ndinavutikira, ndipo sanafune kundiphera bizinesi pagulu. Koma msika utamutumizira mafunso ena apadera, omwe ine sindiwaona, anayankha zoona zokhazokha.

Apa ndiye pagona nkhani yomwe ndikufuna owerenga aimve. Pa misika imeneyi kasitomala amafunsidwa kawiri. Koyamba ndi pagulu, nyenyezi ndi ndemanga zomwe aliyense amaziwerenga. Kachiwiri ndi kumbali, iwe wogulitsa kulibe. Pa Upwork kasitomala akamatseka kontrakiti amafunsidwa kuti, kuyambira pa 0 mpaka 10, angamulimbikitse bwanji mnzake kuti akulembe ntchito, ndipo yankho limenelo limalowa m'chiwerengero chomwe amachitcha Job Success Score. Kuti upatsidwe chizindikiro cha Top Rated, chiwerengerocho chiyenera kukhala 90 peresenti kapena kuposa. Pa Fiverr, mu 2024 anabweretsa Success Score, malikisi a 1 mpaka 10, omwe amayang'ana kukhutira kwa kasitomala, kayankhulidwe kako, mikangano, maoda othetsedwa, kusunga nthawi, komanso ngati ntchito yako ikulingana ndi ndalama yomwe munthu walipira. Kuti ukwezedwe kufika pa gawo la ogulitsa lotchedwa Level 2 pamafunika malikisi 7, nyenyezi 4.6, maoda 20 ochokera kwa makasitomala osachepera 10, ndi ndalama zokwana madola 2,000. Onani kuti nyenyezi ndi gawo limodzi chabe. Munthu akhoza kukhala ndi 5.0 koma malikisi ake ali pa 4, ndipo benchi yake ipita kuseri kwa makala.

Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza chabe. Nditaganiza mofatsa ndinaona kuti eni misikayi ali ndi chifukwa chawo. Nyenyezi za pagulu zinasukuluka. Pafupifupi aliyense ali ndi 4.8 kapena 4.9, ndiye kasitomala asiyanitsa bwanji katswiri ndi wongoyesera? Katswiri wina wa zachuma ku America, John Horton, pamodzi ndi anzake, anafufuza zimenezi pa msika wina waukulu wa maganyu a pa intaneti, ndipo anapeza kuti malikisi a pagulu ankakwera chaka ndi chaka pomwe zonena za kumbali sizinkakwera nawo. Chifukwa chake n'chomwe mayi uja anandiuza: munthu safuna kupweteka mnzake amene akumudziwa dzina ndi nkhope. Ndiye msika unapeza njira yofunsira kukhitchini zomwe mlendo sanganene pabalaza.

Ndipo tisaiwale amene amabweretsa ndalama. Fiverr, yomwe inayamba mu 2010 ku Tel Aviv ndi maganyu a madola 5, imadula 20 peresenti pa zomwe wogulitsa wapeza. Ukagwira ntchito ya madola 100, ako ndi 80. Msika uliwonse wotere umadya pamene kasitomala wabweranso. Ife ogulitsa ndife mbwee, wina akagwa mawa palowa khumi, ochokera ku Lahore, ku Lagos, ku Manila. Kasitomala wokhumudwa akachoka amapita ndi chikwama chake. Choncho malo a pachipata amapatsidwa kwa amene amachititsa kasitomala kubwerera, osati amene wakhalitsa, osati amene ali ndi ana ambiri odyetsa. Makina sadziwa kuti kwanu kwazima magetsi.

Chomwe chimandidandaulitsa kwambiri n'chakuti ife Amalawi timalowa m'msampha umenewu ndi khalidwe lathu labwino lomwe. Tinaleredwa kuti wamkulu sakanidwa pamaso, ndipo wokupatsa ganyu ndi bwana. Akati kodi mutha pofika Lachisanu, timati titha bwana, mumtima tikudziwa kuti n'zosatheka. Akafotokoza zomwe sitinamve, timagwedeza mutu poopa kuoneka mbuli. Telala wa pamsika amachita zomwezo, amalandira nsalu za ukwati zitatu sabata imodzi, ndipo timamukhululukira chifukwa timakumana naye kutchalitchi. Tsono uku kwakumana aulemu awiri. Ine ndinabisa kulephera kwanga chifukwa cha ulemu, mayi uja anabisa kukhumudwa kwake chifukwa cha ulemu, ndipo amene ananena zoona ndi fomu yomwe ine sindinaione. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula la madola.

Zinanditengera miyezi yambiri kuti ndibwerere pomwe anthu angandione, ndipo amene ananditulutsa m'dzenjemo si makasitomala atsopano, poti atsopanowo sankandiona n'komwe. Anali awiri akale, bungwe lina laling'ono la zaumoyo ndi bambo wina wosindikiza timabuku ta ana, omwe ankabwera molunjika ku dzina langa. Oda iliyonse yawo ndinkaisamala ngati dzira. Pang'onopang'ono makina anayamba kundikhulupiriranso.

Masiku ano ndisanavomere ntchito ndimapempha kachidutswa kaye. Ngati ndi mawu ojambulidwa, ndimamvetsera mphindi zingapo koyambirira, pakati ndi kumapeto, chifukwa anthu amayamba ndi Chichewa chaulemu cha pamaso pa mlendo, nkhani ikakoma n'kubwerera ku chiyankhulo cha kwawo. Ndimafunsanso kuti zomasulirazo akawerenge ndani. Chichewa cha kapepala ka kuchipatala ka amayi a ku Mchinji si chofanana ndi cha anthu a ku Chipata kapena ku Lusaka, ngakhale kasitomala wa ku London amaona ngati Chichewa ndi Chinyanja n'chimodzimodzi paliponse. Ntchito ya masiku atatu ndimaiuza asanu, awiriwo ndi a magetsi ndi netiweki. Ndikaona kuti ndichedwa ndimanena lero, osati tsiku lomaliza. Ndipo pomwe sindinamve ndimalemba poyera kuti apa sindinamve, pa mphindi yakutiyakuti. Chodabwitsa n'chakuti makasitomala amakondwa nazo zimenezi kuposa pepala loyera lopanda banga, chifukwa amadziwa pomwe angapondepo molimba.

Palinso kasitomala wachete, amene ine ndimamuopa kuposa wolongolola. Wolongolola amakupatsa mpata wokonza. Wachete amalandira ntchito osanena kanthu, ndipo pa Fiverr akakhala masiku atatu osayankha, oda imadzitseka yokha ngati yatha bwino. Iwe n'kumasangalala kuti ndalama yalowa, chonsecho munthuyo wapita ndi chake kukhosi. N'chifukwa chake ndikatumiza ntchito sindingoti nayi. Ndimatchula malo awiri kapena atatu pomwe ndinasankha mawu ena kusiya ena, n'kufunsa ngati zili bwino kwa owerenga ake. Kupempha nyenyezi ayi, zimenezo zimanyansa. Kungotsekula khomo kuti ngati pali chodandaula achinene kwa ine, chisanakafike ku fomu ija.

Za nthawi ndingonena mwachidule. Kuno kukamakwana 10 koloko usiku, ku New York kumakhala kudakali masana, 3 kapena 4 koloko malinga ndi nyengo, ndipo ndi nthawi yomwe ambiri amatumiza mauthenga. Uthenga woyamba ukagona maola 24 osayankhidwa, chiwerengero chako cha kuyankha chimatsika. Choncho bandulo ya pa foni si ya WhatsApp yokha, ndi lendi ya benchi.

Sindikufuna kuti zimveke ngati dongosololi ndi lolungama kotheratu. Lili ndi mbali yomwe imandiwawa mpaka lero. Munthu amaweruzidwa ndi mawu omwe sadzawamva, ndipo alibe bwalo lokadandaulako. Kwathu ngakhale kwa amfumu wokunenera amaimirira pamaso pako. Komanso kwa ife a ziyankhulo zing'onozing'ono, liwu limodzi limalemera mopitirira muyeso. Wojambula zizindikiro za makampani amene amalandira maoda makumimakumi pamwezi, kasitomala mmodzi wokwiya amamira m'gulu. Womasulira Chichewa amene walandira maoda anayi mwezi wonse, mmodzi akakhumudwa ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi laola. Ndipo alipo makasitomala ena oti ngakhale utawasenza pamsana kuwaolotsa Linthipe, adzati unkayenda mogwedeza. Amenewo ndaphunzira kuwanunkhiza pa uthenga woyamba: amatsitsa mtengo asanapereke moni, amafuna zonse dzulo, ndipo amayamba n'kunyoza womasulira amene anali naye kale. Ndimawathokoza n'kuwauza kuti ndatanganidwa. Ndalama yawo ndi katapila, umabweza ndi mbiri yako.

Kwa achinyamata amene akuuzidwa njira zachidule, zoti uzani msuweni wanu wa ku Johannesburg agule ntchito yanu yabodza kuti akupatseni nyenyezi, kapena ponyani chikalata mu Google Translate n'kutumiza osachiwerenga, ndingoti mukudzinamiza nokha. Yoyambayo akakugwirani akaunti imatsekedwa. Yachiwiriyo kasitomala sadziwa Chichewa, zoona, koma ali ndi munthu ku Lilongwe kapena ku Zomba amene adzawerenge, ndipo akadzamva kuti zomwe analipira ndi phala losapsa, sadzabweranso. Kusabwerako nakonso makina amakuona.

Pempho langa kwa inu, A Mkonzi, ndi lakuti atolankhani anu akamacheza ndi anthu ophunzitsa maganyu a pa intanetiwa, asamangojambula zithunzi za madola a pa sikirini. Aziwafunsa kuti mwa ophunzira awo a chaka chatha, ndi angati amene akulandirabe maoda lero. Aziwafunsanso ngati m'maphunziro awo muli ola ngakhale limodzi lophunzitsa mwana kulemba uthenga wokana ntchito mwaulemu, kapena wouza kasitomala kuti pepani ndalakwitsa apa. Kutsegula akaunti n'kwa mphindi khumi, mwana aliyense wa Fomu 2 angathe popanda kulipira munthu.

Sabata yathayi kunabweranso macheza ena a kuchigwa komweko, ochokera kwa kasitomala wina, ndalama yake yooneka bwino. Ndinamvetsera mphindi zitatu, ndinamva pinthu m'malo mwa zinthu, n'kuvula mahedifoni. Ndinamulembera kuti mafayilo awiri a Chichewa ndigwira, anayi a Chisenawo apeze mwini chiyankhulo. Anandipatsa awiriwo. Enawo sindikudziwa anapita kwa yani, koma mwana wa anansi athu a ku Nsanje, amene wangomaliza kumene ku koleji, wayamba kubwera madzulo kudzaphunzira kalembedwe ka mawu ojambulidwa pa laputopu yanga yakale, ndipo agogo ake atamva anatumiza uthenga wa mawu amodzi omwe tsopano ndimawadziwa tanthauzo lake.

Ine wanu,
Womasulira wa ku Area 25,
Lilongwe